Amagalasi ndi Galimoto Yawo Yopanda Injini

Ine ntchito yanga ndi yomanga matayala a magalimoto a eni ake. Ukaimika galimoto pakati pa tauni n'kupitiriza nthawi, amene amabwera ndi chiloko chachikasu chija ndine. Pa msewu wa chipatala cha maso amanditcha Anamaloko, ndipo ena amawonjezera mawu amene sindingawalembe pano. Atukwane, pakamwa ndi pawo. Koma pali bambo ena ake amene ndinawasaka miyezi isanu ndi iwiri osawagwira, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira thupi limachita tsembwe. Ali moyo, musayambe kundipepesa. Masiku ano akukhala kwa mwana wawo, kutali ndi tauni.

Anthu ankawatchula kuti Amagalasi, chifukwa ankakonza magalasi a maso. Anali aafupi, oonda, zaka makumi asanu ndi limodzi zitadutsa kale, ndipo ankavala jekete lotuwa ngakhale kunja kutenthe bwanji. Shopu yawo inali galimoto yoyera yakalekale, ya mtundu wonyamula katundu uja, yoimikidwa m'mbali mwa msewu. Ukatsegula chitseko cha pambali umapeza thabwa losalala, kampando, kasitovu kowotcherera, ndi zitini zambirimbiri. M'chitini china muli miyendo ya magalasi yokhayokha, china timisomali toti ukayetsemula tathawa tonse, china tizidutswa togwira pamphuno. Munthu ankabwera ndi magalasi othyoka pakati, kapena omanga ndi ulusi, n'kuchoka akuona.

Galimotoyo inalibe injini. Nkhani yake ndi yakuti ali mnyamata ankagwira ntchito m'sitolo ya magalasi pa msewu womwewo, zaka khumi ndi zisanu. Sitoloyo itagwa, bwana wake analibe chowapatsa, ndiye anangowasiyira zipangizo ndi galimoto ija. Chaka chomwecho akazi awo anadwala kwambiri, iwo n'kugulitsa injini kuti apeze mankhwala. Mayiwo anamwalirabe, injini n'kupita, galimoto n'kutsala pamene inaima. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankagula tikiti ya tsiku lonse kwa anthu a khonsolo, ngati galimoto ina iliyonse, n'kuyamba ntchito. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pa malo amodzimodziwo.

Ndiye kunabwera zosintha. Khonsolo inakongola ndalama zambiri kubanki kuti ikonze zoimika magalimoto m'tauni, n'kupereka ntchitoyo kwa kampani imene inandilemba ine. Akapitawo athu anatifotokozera tsiku loyamba kuti ngongole imeneyo idzabwezedwa ndi malo oimikapo omwewo, ndiye malo aliwonse ayenera kubereka kangapo pa tsiku. Matikiti a tsiku lonse anatha. Galimoto iime maola awiri basi, kenaka ichoke, ndipo isabwererenso pa malo omwewo tsiku limenelo. Anatipatsa aliyense foni. Galimoto ikaima umajambula nambala yake ndi nambala ya malo, ndipo maola awiri akakwana foniyo imafiira yokha, ku ofesi n'kuona. Ikafiira umamanga chiloko, galimoto yokoka zinzake n'kubwera. Ndipo anatiuza mosabisa kuti galimoto yosayenda ikalowa kumpanda wa khonsolo situlukanso, imagulitsidwa kwa ogula zitsulo.

Anandipatsa msewu wa chipatala cha maso. Akapitawo anati, "Pali chigalimoto chakufa pamenepo chikuyipitsa tauni. Sabata ino chisaonekenso."

Ndinapita mtima uli m'mwamba, bibu yanga yonyezimira, kamalaya ka pantchito kaja, ili mbee. Ndinali nditakhala zaka zitatu osagwira ntchito, amuna anga ali pa ulendo ndi lole ya eni ake, kunyumba kuli amayi anga ndi ana awiri. Ndinalibe nthawi yomvera munthu chisoni. Ndinawapeza Amagalasi akuwongola mwendo wa magalasi a mwana wasukulu.

"Bambo, mwamva za lamulo latsopano?"

"Ndamva pang'ono, mayi. Muli nalo pamenepo? Ndiloleni ndiwerenge ndekha."

Anawerenga pepala lonse, mpaka timalemba tating'ono ta pansi tomwe ine sindinatiwerengepo. Atamaliza analipinda bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Lalembedwa bwino," anatero. "Akuti galimoto isunthe maola awiri akakwana. Chabwino, izisuntha. Jambulani, seveni koloko yakwana."

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Isunthe ndi chiyani, ndi mapemphero? Ndinajambula, n'kupita kukazungulira, koma naini koloko isanakwane ndinali nditabwerera kale, chiloko chili m'manja, nditatsamira mtengo wa magetsi ngati mphaka pa una wa khoswe.

Kutatsala mphindi zisanu anayang'ana wotchi, n'kutseka zitini zawo chimodzichimodzi, mosathamanga. Kutsogolo kwawo malo onse anali odzaza. Mumtima ndinati, lero ndi lero. Kutatsala mphindi zitatu, galimoto ya buledi imene inaima malo atatu kutsogolo inalira n'kuchoka. Amagalasi anali atatuluka kale. Anachotsa chipika pansi pa tayala ndi phazi, n'kutsegula chitseko cha dalaivala, phewa pa chitsulo cha chitseko, dzanja limodzi pa chiwongolero. Sanabuule n'komwe. Chigalimoto chija chinangoti nyomi, n'kuyamba kuyenda chokha mwakachetechete, iwo akuyenda nacho pambali ngati munthu wotsogolera ng'ombe yofatsa. Anachilowetsa pa malo a galimoto ya buledi, pakati penipeni pa mizere, n'kuponya chipika pansi pa tayala.

"Jambulani, mayi. Pano ndi nambala foro."

Abale, ndinangoti kukamwa yasa. Msewu umenewo ndinali nditauyenda kuyambira ndili mwana, ndipo ndikanalumbira pamaso pa aliyense kuti ndi wathyathyathya ngati tebulo. Ataona kuti ndasokonezeka anatenga botolo lopanda kanthu n'kuligoneka pa phula. Botolo linakhala kaye phee, kenaka n'kuyamba kugubuduka pang'onopang'ono kulowera ku chipatala.

"Pali kamtsetse," anatero. "Maso sakaona, koma madzi a mvula amakadziwa. Ine ndakhala ndikuwaonerera zaka zonsezi."

Kuyambira tsiku limenelo zinali choncho, kanayi pa tsiku: naini, leveni, wani koloko, ndi fili koloko. M'mawa galimoto imayambira kumtunda, pafupi ndi sitolo ya nsapato, n'kumatsika pang'onopang'ono. Leveni koloko imakhala ili pakhomo penipeni pa chipatala, nthawi imene anthu amatuluka kwa adokotala. Pofika madzulo ili kumunsi, pafupi ndi positi ofesi. Ndipo chimene chinkandizunguza mutu si kukankhako ayi, koma kuti nthawi zonse ankapeza malo. Msewu wodzaza thothotho, anthu a magalimoto amoyo akuzungulira katatu akutukwana, koma munthu wa galimoto yakufa akupeza malo pa mphindi yake.

Ankadziwa msewu wonse ngati m'thumba mwawo. Ankadziwa kuti mayi wa kubanki amatuluka leveni isanakwane kukatenga mwana kusukulu ya mkaka. Ankadziwa kuti adokotala aakulu amapita kukadya kunyumba, kupatula Lachitatu pamene amachita opaleshoni. Ankadziwa kuti bambo wina wa galimoto yofiira, amene ankati amabwera kudzagula mankhwala a mutu, amachoka mothamanga fili koloko isanakwane chifukwa ndi nthawi imene mwamuna wa mayi wa mufamase amafika. Zimenezi sanandiuze ndi pakamwa, sanali munthu wa miseche. Ndinaziona ndekha potsatira kumene maso awo ankayang'ana.

Sabata inatha, mwezi unatha. Akapitawo ankandifunsa Lolemba lililonse pamaso pa anzanga, "Anamaloko, mdala mmodzi wakukanikani? Magalimoto a mabwana mumamanga osaphethira, koma chitini chopanda injini chikukuthawani?" Anzanga kuseka. Ine ndikapsa mtima ndimapsa zenizeni, ndiye ndinaganiza zochita chinyengo. Ndili ndi msuweni wanga woyendetsa takisi. Ndinamuuza kuti aime pafupi, ndipo mayi wa kubanki akangotuluka, iye alowe msanga pa malowo. Zinachitikadi. Msuweni wanga analowa ngati mphezi, Amagalasi ali kale pakati pa msewu ndi chigalimoto chawo, kutatsala mphindi ziwiri. Mtima wanga unati phaa, ndawapeza.

Iwo sanaime. Anangodutsa malo ajawo osawayang'ana n'komwe, n'kupitirira malo ena asanu, pamene agogo ena ake anali akubweza galimoto yawo kuti atuluke. Analowa pomwepo. Nditafika ndi foni yanga, manyazi ali tho, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mukawauze asuweni anuwo kuti tayala lakumbuyo laphwa."

"Ndani wakuuzani kuti ndi msuweni wanga?"

"Chipumi, mayi. Chipumi chimenecho ndi cha pamtundu."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinangopezeka ndikuseka. Tayalalo linalidi lophwa.

Komabe panali chinthu chimodzi chimene sindinkachimvetsa. Ngati madzulo galimoto ili kumunsi, imabwerera bwanji kumtunda? Ife timaweruka faifi koloko, ndipo ine ndinkathamangira basi. Ndinkangoganiza kuti pali wina amawakokera ndi galimoto, kapena amalemba aganyu. Tsiku lina foni yanga inavuta, ndinachedwa ku ofesi, ndipo pobwerera ndinadutsa msewu uja cha m'ma hafu faifi, dzuwa litapendeka, masitolo akutseka.

Ndinawapeza okha. Jekete anali atavula, n'kulipinda pa kampando kawo. Anali kumbuyo kwa galimoto ndi mgwala, chitsulo chachitali chija amakumbira miyala. Amalowetsa nsonga yake pansi pa tayala lakumbuyo, n'kutsamira ndi thupi lonse. Galimoto imasuntha mwina kutalika kwa phazi limodzi. Isanabwerere, amakankha chipika ndi mwendo kuti chigwire tayala. Kenaka amachotsa mgwala, kuulowetsanso, kutsamiranso. Akasuntha kakhumi amapita kutsogolo kukawongola chiwongolero, n'kubwerera. Malaya anali atanyoweratu, msana wonse ukuoneka nthiti. Sankathamanga, sankapuma, ndipo sankayang'ana kuti kwatsala patali bwanji.

Ndinaima pakhonde la sitolo ya nsalu osatha kusuntha. Ndinawerenga malo amene anatsala: khumi ndi asanu ndi awiri. Ndiye kuti tsiku lililonse, ine ndili m'basi ndikudandaula kuti miyendo ikuwawa, bambo awa amakhala akukweza shopu yawo phiri limene anthu ena sitikuliona n'komwe, phazi limodzi, phazi limodzi, mpaka kufika pa sitolo ya nsapato. Ndinachita mantha, ndikunena zoona. Si mantha oopa munthu, koma aja amakugwira ukaona chinthu chachikulu kuposa mmene unkaganizira. Ndakhala ndikuona amuna amphamvu, amuna anga omwe amanyamula tayala la lole okha, koma zoterezi ndinali ndisanazionepo.

Ndinavula bibu n'kupita kukaika manja pa galimoto.

"Iyayi, mayi, chotsani manja."

"Bambo, ndingokuthandizani pang'ono."

"Mukandithandiza lero, mawa thupi lidzakufunani, ndipo inu mudzakhala muli kwanu. Phewa lobwereka ndi la tsiku limodzi. Khalani apo ngati mukufuna kucheza."

Ndinakhala pa njerwa, iwo akugwira ntchito, tikucheza. Anandionetsa mmene anaipepukitsira galimotoyo. Anachotsa mipando yonse, tayala lapadera, thanki ya mafuta, ngakhale mphasa za pansi. M'mawa uliwonse ankapopa matayala ndi pampu ya njinga mpaka alimbe gwaa, ndipo Loweruka lililonse ankapaka girizi. Ndinawafunsa chimene aliyense akanafunsa: bwanji osangopeza kabenchi kumsika, kusiyana ndi kudzipha chonchi?

"Mwana wanga wamkazi amanena zomwezo," anatero, akulowetsa mgwala. "Amati, 'Ababa, mukufuna mudzafere pansi pa chitini chimenecho?' Koma taganizani, mayi. Munthu amene magalasi ake athyoka, mumuuze kuti apite kumsika, awoloke misewu inayi. Awoloka ndi maso ati? Ena amatuluka m'chipatalamu atawathira mankhwala m'maso, dziko lonse lili mbuu. Amenewo shopu yakutali sangaione. Iyenera kukhala pamene angaigunde ndi dzanja."

Usiku umenewo chakudya sichinalowe. Amayi anandifunsa ngati ndakangana ndi munthu, ndinati ayi. M'mawa ndinatenga magalasi awo, amene anakhala chaka chathunthu mwendo umodzi uli womanga ndi waya wa buledi, n'kupita nawo. Amagalasi anawatembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu. "Amayi anu amagona nawo magalasiwa, ndipo amagonera kumanzere. Muwauze azivula." Nditakawauza amayi anati, "Iii, ameneyo ndi mfiti kapena?" Koma anayamba kuvula.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwasaka. Ntchito ndinkagwirabe, kujambula ndinkajambulabe, koma nthawi yosuntha ikayandikira ndinkapezeka ndaima chapafupi, ndikuwathandiza ndi maso. Akalowa bwinobwino ndinkapuma. Akapitawo akandinyoza Lolemba ndinkangoti, "Pitani mukawagwire nokha, bwana, chiloko ndi ichi." Miyezi isanu ndi iwiri foni yanga sinafiirepo pa galimoto imeneyo, ngakhale tsiku la mvula ya matalala, ngakhale sabata imene ankatsokomola mpaka kugwira khoma.

Kenaka gawo lachiwiri la ndalama za ngongole ya khonsolo zija linatuluka. Anatseka msewu masabata atatu. Galimoto ya Amagalasi anaikankhira kuseri kwa famase ndi chimakina cha okonza msewu, iwo n'kumakonzera magalasi pa katoni. Atatsegula, msewu unali wokongola, zimenezo sindingakane. Phula latsopano lakuda bii, mizere yoyera mbee. Koma anasintha zinthu ziwiri. Pakati pa msewu anakweza kuti madzi azithamangira m'ngalande za m'mbali. Ndipo malo oimikapo sanawajambulenso motsatira msewu ngati kale. Anawajambula mopingasa, galimoto iliyonse mphuno kuloza kukhonde la sitolo, kuti pamene pankaima magalimoto makumi anayi paziima makumi asanu ndi limodzi. Akuluakulu anabwera kudzadula riboni, anawomba m'manja, n'kumapita.

Lolemba m'mawa galimoto inalowa pa malo ake mosavuta, inachita kuthamangira yokha. Ndinajambula. Amagalasi anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali, akuyang'ana pansi. Ine ndinali ndisanazindikire. Ndinazindikira naini koloko itayandikira, pamene anapita kutsogolo kwa galimoto m'malo mwa pambali. Kuti ituluke tsopano inkayenera kubwerera chambuyo, kukwera chitunda chija anaika pakati pa msewu.

Anaika phewa pa mphuno ya galimoto n'kukankha. Sinasunthe. Anatenga mgwala, koma phula linali lanthete, nsonga inangomira ngati mu phala. Anayesanso pena, n'kumiranso. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, nsapato zikuterereka. Kutatsala mphindi zinayi ndinataya ulemu.

"Bambo, lero mundikhululukira!"

Ndinakuwa, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa. Anabwera mlonda wa famase, wogulitsa nyuzipepala, ndi amuna awiri amene ankadikira odwala awo. Tinakankha anthu asanu, galimoto n'kutuluka, n'kulowa malo ena. Anthu anawomba m'manja, kuseka, wina mpaka kujambula pa foni. Amagalasi anathokoza aliyense payekhapayekha, koma sanaseke nawo. Leveni koloko tinakankhanso. Wani koloko mlonda anali atapita kukadya, tinachita kupempha anthu odutsa. Fili koloko wanyuzipepala anati msana wamugwira.

Lachiwiri zinali zomwezo, koma anthu anayamba kuyang'ana kumbali nthawi ikamayandikira. Sindikuwanena, aliyense anabwera m'tauni ndi zake. Ndinaona bambo aja, amene miyezi yonseyi sanapemphepo munthu kanthu, ataima pakati pa msewu chipewa chili m'manja, akuti, "Achimwene, pepani, mphindi imodzi yokha." Mnyamata wina wa tayi anawayankha kuti, "Madala, ine si waganyu." Ndikanakhala ndi chiloko cholowa pakamwa, tsiku limenelo ndikanachigwiritsa ntchito.

Lachitatu naini koloko tinakankha atatu, movutika. Itayandikira leveni ndinabwera ndikupinda kale manja a malaya, koma ndinawapeza atakhala pa kampando kawo, akupukuta magalasi ndi kansalu. Zitini zonse zinali m'matumba awiri a ufa, atamanga kukamwa, pakhonde la famase.

"Bambo, kwatsala mphindi zisanu. Dzukani, ndikaitane anthu."

"Musaitane munthu, mayi."

"Nanga titani?"

"Ndawerengera. Anthu anayi, kanayi pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Imeneyo si shopu, ndi kupemphetsa. Msewu uja ndinkaudziwa ine wapita, uwu ndi wina."

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndijambula nambala ya malo ena. Ndilemba kuti mwasuntha. Ku ofesi sangadziwe."

"Mnzanu wa msewu wa kumsika uja anachita zomwezo, ali kuti lero?"

Mnzangayo anali atachotsedwa ntchito mwezi wapitawo.

"Muli ndi ana awiri ndi mayi okalamba," anatero. "Ine zaka zonsezi sindinabepo ngakhale mphindi imodzi ya khonsolo. Ndiyambe lero, ndi dzanja lanu? Iyayi."

Ine ndinatsala chiimire, iwo chikhalire, foni ili m'manja mwanga. Ndinkaiyang'ana ngati njoka. Leveni koloko itakwana foniyo inanjenjemera, n'kufiira.

Ndamanga magalimoto mazanamazana, ena eni ake akundikoka bibu, koma tsiku limenelo chiloko chinandikanika. Kiyi sankalowa. Amagalasi anagwada pambali panga n'kundigwirira chitsulocho kuti chikhale bwino pa tayala. "Pang'onopang'ono, mayi," anatero. "Mukulowetsa chozondoka."

Galimoto yokoka inabwera pasanathe ola, ndi anyamata awiri a matupi ngati zitseko. Ndinamasula chiloko. Anakoka ndi tcheni chambuyo mpaka pakati pa msewu, kenaka anafuna kuisuntha pang'ono ndi manja kuti amange tcheni kutsogolo. Anakankha awiri, galimoto ili duu. Anakankhanso akubuula, n'kusuntha pang'ono chabe. Mmodzi anaweramuka akupukuta thukuta.

"Chimenechi mwadzazamo miyala?"

"Mulibe kanthu," anatero mlonda wa famase. "Achotsamo zonse. Ndipo bambo awa ankachikweza okha msewu wonsewu, tsiku ndi tsiku."

Mnyamatayo anawayang'ana Amagalasi kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anangovula kapusi yake.

Kenaka panabuka vuto lina. Pokoka ndi tcheni pamafunika munthu wokhala pa chiwongolero, ndipo anyamatawo ankakankhirana, chifukwa munalibe mpando ndipo mabuleki sankawakhulupirira. Amagalasi anatenga kampando kawo kogwirira ntchito.

"Ndi yanga. Ndiiperekeza ndekha."

Asanakwere anatulutsa m'thumba la jekete magalasi atatu, aliwonse atakulungidwa m'pepala lake, n'kundipatsa.

"Awa ndi a aphunzitsi, abwera mawa. Awa ndi a mwana wa mlonda wa kubanki. Awa eni ake ndi mayi achikulire, ovala duku lobiriwira, abwera wani koloko. Saona bwino, ndiye muziwayang'anira ndinu, iwo sangakuoneni. Onsewa analipira kale, musalandire kanthu."

Anakwera, n'kukhala mowongoka, manja onse awiri pa chiwongolero. Tcheni inakungika, galimoto n'kunyamuka. Msewu wonse unaima. Ogulitsa m'masitolo anatuluka pamakomo, anamwino anasuzumira pa mawindo a chipatala, ndipo panalibe woseka ngakhale mmodzi. Inatsika msewu wonse mwakamodzi, kudutsa chipatala, kudutsa positi ofesi. Itafika pa mphambano ndinaona dzanja la jekete lotuwa likutuluka pa windo, litatambasuka bwinobwino, kudziwitsa a m'mbuyo kuti akukhotera kumanja.

Pa malo paja sipanathe ngakhale mphindi. Inalowa galimoto yasiliva, mwini wake akulankhula pa foni, ndipo ine ndinajambula nambala yake chifukwa ndiyo ntchito yanga. Kenaka ndinangoima pomwepo, chiloko chili pamapazi, magalasi a eni ake ali m'manja. Misozi inkangotsika yokha, ndipo sindinaipukute.

Wani koloko ndinawaona mayi a duku lobiriwira akubwera m'mbali mwa khoma, akuyenda mosamala. Anafika pa galimoto yasiliva ija n'kuima, akuphethiraphethira. Ndinawayandikira.

"Amayi, magalasi anu ndi awa. Andisiyira kuti ndikupatseni."

Anamasula pepala, n'kuwavala, n'kukankhira pamphuno ndi chala. Anayang'ana galimoto yasiliva, anayang'ana matumba awiri aja pakhonde, kenaka anayang'ana ine, bibu yanga, ndi chiloko chili pansi.

"Mwana wanga," anatero, "ndiwe wawachotsa?"

Ndikanatha kunena za khonsolo, za banki, za foni imene imafiira yokha. Zonsezo zinali pakamwa.

"Eya, amayi," ndinatero. "Ndine."